Kabokosi kanga ka Cu Chi, sabata yachisanu ndi chimodzi: dothi lang'aluka, ndayambiranso

Anzanga ndabweranso. Papita masabata awiri ndili zii, mbali ina ntchito koma kunena zoona ndinali nditakhumudwa. Dothi lija lang'aluka ponseponse. Ndinalakwitsa ndekha, ndinaumba zonse tsiku limodzi nkukaliika padzuwa ngati ndikuyanika njerwa, mawa lake kupeza ming'alu yoti chala nkulowa. Amayi oumba mbiya akanandiseka, mbiya amayanika pamthunzi. Pano ndatenga dothi la pachulu, ndasakaniza ndi kamchenga ndi guluu wa matabwa, ndipo ndikuumba pang'onopang'ono nkumafunditsa chisaka chonyowa usiku.

Kwa amene mwangotipeza, ndikupanga kachitsanzo ka ngalande za pansi pa nthaka za ku Cu Chi, kumpoto chakumadzulo kwa Saigon (likulu la Vietnam ya kummwera nthawi imeneyo, pano ndi Ho Chi Minh City), momwe a Viet Cong, gulu lomwe linkalimbana ndi boma la kummwera ndi Aamerika, ankabisala pa nkhondo ya ku Vietnam. Bokosi la matabwa lotalika masentimita 80, kutsogolo galasi, ndiye ukamayang'ana zikhale ngati wadula chulu pakati nkumaona njira zonse za chiswe. Sikelo ndi 1:35, munthu akutuluka wa masentimita 5.

Poyamba penipeni ine ndimafuna helikopita basi. Ndinakula ndikupinda magalimoto a mawaya ndiye ndinati helikopita ya Aamerika ija yotchedwa Huey, UH-1, ndiipanga ndi waya ndi zitini za mafuta ophikira. Yatheka ndithu, yaima bwino, mapiko ake enieni amapitirira mamita 14 ndiye pa sikelo yanga akudya masentimita 40, theka la bokosi lonse. Inanditengera masiku anayi okha. Ngalande zanditengera masabata asanu ndipo sizinathe. Kanjira kenikeni kanali kosafika ndi mita imodzi yomwe mulifupi, munthu ankayenda chokwawa kapena chowerama, kwa ine ndi masentimita 2, ndikuboola ndi supuni ya tiyi ndi sipoko ya njinga. Ndiye muganize kuti anthuwo anakumba makilomita pafupifupi 250 ndi timakasu ndi madengu, kuyambira nthawi yomwe ankamenyana ndi atsamunda Afalansa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, dothi nkumakalitaya usiku mumtsinje kapena m'munda kuti lisaoneke. Ine kasupuni kokha dzanja latupa kale.

Mlamu wanga anandifunsa kuti kodi Aamerika anakafunako chani kumeneko. Ndinamuyankha mwachidule ndikusakaniza dothi. Afalansa atagonja ku Dien Bien Phu mu Meyi 1954, msonkhano wa ku Geneva unadula dzikolo pawiri cha pa mtsinje wa Ben Hai, kumpoto Ho Chi Minh ndi chikomyunizimu, kummwera boma lomwe linadzagwa m'manja mwa Ngo Dinh Diem. Anati ndi zongoyembekezera, chisankho chidzachitika 1956 dziko libwerere pamodzi. Sichinachitike, Diem anakana. Mu Disembala 1960 gulu lolimbana ndi boma la kummwera linakhazikitsidwa, ndi omwe aja ankatchedwa Viet Cong, kumpoto nkumawatumizira anthu ndi zida kudzera njira ya m'nkhalango za Laos ndi Cambodia. Soviet Union ndi China kuthandiza uku, America uku. Mu Malichi 1965 asilikali a America anatsika ku Da Nang, pofika 1968 anali atapitirira 500,000, osawerengera a South Korea, Australia, New Zealand, Thailand ndi Philippines. Mlamu anangoti eeh, anthu onsewo kudzamenyana ndi anthu okhala ku una ngati mbewa? Ndinati ndi momwemo, ndipo Aamerika omwe ankalowamo ndi tochi ndi kamfuti kakang'ono ankadzitchula okha makoswe a mungalande.

Za mbewazo sanalakwitse kwenikweni. Aliyense amene anakumbapo mbewa akudziwa kuti ukamafukiza utsi kuno iyo yatulukira kale kabowo kena kuseri kwa chitsamba. Aamerika ankapopera utsi wokhetsa misozi, kuthira madzi, kuphulitsa makomo, koma ngalandezo zinali zosanjikana mpaka katatu, zina kuya pafupifupi mamita 10, ndipo pakati pake pali timazitseko totsekeka bwino. Gawo limeneli ndi lomwe ndagwira sabata ino. Timazitseko ndadula ku timitengo ta ayisikilimu, titatu tathyoka, tiwiri tagwira.

Chomwe chandisangalatsa kwambiri ndi khitchini. Anali ndi mbaula yotchedwa Hoang Cam, utsi sukwera molunjika koma umadutsa m'timipata tatitali pansi nkukatulukira kutali utazizira, ukungoyenda pansipansi ngati nkhungu ya mmawa, wa mu ndege osaona kanthu. Ndaika kapayipi ka bolopeni kuyimira njira ya utsiyo, ndipo pambali ndaumba timizu ta chinangwa chifukwa mpunga ukasowa ndi chomwe ankadya. Mabowo opumira ankawabisa m'timilu tooneka ngati zulu, apo ndiye sindinavutike, dothi langa ndi la pachulu kale. Msampha wa nsungwi zosongoka ndapanga ndi zotokosera m'mano, wandibaya kale kawiri.

Koma vuto lenileni labwera pa tianthu. Ndaumba khumi ndi awiri. Aamerika anayi ndi osavuta, yunifomu yobiriwira, chipewa chachitsulo, zikwama kumsana. Enawo ndawapenta zovala zakuda zija alimi a kumeneko ankavala, nsapato za matayala, ena ndawaika m'munda pamwamba ena pansi mungalande. Ndiye kamwana ka mchemwali wanga kabwera nkuyang'anitsitsa pagalasi, kakuti amalume, nanga msilikali ndi uti mlimi ndi uti? Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, mawu osatuluka. Ndinaganiza zowamangirira kansalu pakhosi kuti azisiyana kenako ndinasiya dala, chifukwa mnyamata wa ku America wotsika mu helikopita ija nayenso sankatha kusiyanitsa, yemwe akulima masana mwina ndi yemwe watchera bomba usiku, mwinanso ndi mlimi basi wosafuna mbali iliyonse, amene a Viet Cong akumutenga msonkho wa mpunga usiku a boma nkudzamufunsa masana kuti wadyetsa ndani. Ndipo poti sankatha kusiyanitsa anayamba kusesa onse. Mu Januwale 1967 pa Operation Cedar Falls anabwera asilikali pafupifupi 30,000, mudzi wa Ben Suc kutsidya kwa mtsinje wa Saigon anthu onse kuwasamutsa, nyumba kuotcha nkusalaza ndi mathirakitala. Patangotha chaka, kumapeto kwa Januwale 1968 pa chikondwerero cha Tet, chaka chatsopano cha Avietnamu, a Viet Cong anatulukira mkati mwa Saigon mwenimweni.

Penanso ndazindikira kuti ndinaiwala asilikali a boma la kummwera. Ndi manyazi ndithu, ndinapanga ngati nkhondoyi inali ya Aamerika ndi Avietnamu pomwe mbali zonse ziwiri kunali Avietnamu, ndipo a kummwerawo anafa ochuluka kuposa Aamerika 58,000 omwe timangomva aja. Aamerika atachoka 1973 iwo anapitiriza okha mpaka Saigon kugwa pa 30 Epulo 1975. Ndiumba awiri sabata ino, ndichotsa Mmerika mmodzi kuti malo akwane.

Kona ya kumanja sindinaganize bwino. Mtima wina ukuti ndiikepo nkhalango ya masiponji obiriwira, wina ukuti ndisiye mitengo youma ndi dzenje lalikulu la bomba loponyedwa ndi ndege ya B-52, poti kumapeto derali linasanduka chipululu ndi mabomba komanso mankhwala ofotetsa masamba aja a Agent Orange. Ndikupendekera ku dzenje, ndi losavutanso, kungokanikiza kapu padothi lisanaume.

Zatsala ndi timagetsi ta LED tiwiri ta m'chipinda cha odwala ndi khitchini, ndachotsa mu tochi yakufa koma tikuwala moyera kwambiri ngati mu shopu, pomwe iwo ankagwiritsa timanyali ta mafuta. Ngati wina akudziwa chopaka kuti kuwala kukhale kofiirira popanda kusungunula pulasitiki andiuze, ndayesa pepala la switi lapsa. Galasi ndiikabe dothi likaumitsitsa, ulendo uno pansi pa bedi osati padzuwa.