Kuwolotsa nkhasi pamsewu wa ku Stone Harbor

Ukafika mwezi wa Juni, msewu wodutsa m'dambo la madzi amchere popita ku Stone Harbor, ku New Jersey m'dziko la America, ndimauyenda pang'onopang'ono. Ndi nthawi yomwe nkhasi zotchedwa diamondback terrapin zimatuluka m'madzi kukafuna mchenga wouma woikiramo mazira. Zoyenda pamsewuzi zimakhala zazikazi zokhazokha. Zazimuna, zomwe ndi zazing'ono kwambiri, zimatsala m'dambomo kudya nkhono ndi tinkhanu.

Ndikaona chigoba pa tala, ndimaimika galimoto pambali, kuyatsa magetsi ochenjeza, n'kuyang'ana uku ndi uku. Ndisanaigwire ndimayamba ndaona kumene yaloza mutu. Apa m'pamene ndinalakwitsa chaka choyamba. Ndinainyamula n'kuibwezera kumadzi, ndikuti ndaithandiza, koma pasanapite nthawi inali itabwerera pamsewu pomwe paja. Ikatsimikiza zokaikira mazira sibwerera, choncho ndimangoiwolotsera komwe imapitako.

Kagwiridwe kake ndi manja awiri, m'mbali mwa chigoba chakumbuyoku, chifukwa imaluma. Kumchira ayi, mungaipweteke msana. Ikakwera m'mwamba imapalasa miyendo yakumbuyo ija yotambalala ngati nkhafi, zikhadabo zikukukandani m'manja. Ikatulutsa mutu mumaona khungu lotuwa lokhala ndi timadontho takuda, ndipo pafupi ndi maso m'pamene imatulutsira mchere wochuluka m'thupi. Ndimaiika pa udzu, n'kuchokapo.

Zogundidwa ndiye zimavuta. Ina ndinaipeza chigoba chitang'ambika, mazira akuoneka, ofiirira pang'ono. Mtima unandiwawa, koma sindinaisiye. Ndinaiika m'katoni, n'kulemba malo ndi nthawi, n'kupita nayo ku The Wetlands Institute, bungwe losamalira madambo ndi zamoyo zake lomwe lili pamsewu womwewo. Kumeneko amachotsa mazira amene sanasweke n'kuwafungatira m'makina pa kutentha kwa madigiri 30 a Celsius. Kutenthako amachita kusankha: kwa nkhasizi mazira otenthedwa kwambiri amaswa zazikazi, ozizirirako zazimuna, ndipo pamsewu zikutha ndi zazikazi. Tiana take amatilera ku Stockton University pafupifupi chaka chathunthu tisanabwezedwe m'dambo, titakula moti mbalame sizingatimeze.

Ndikamaliza ndimasamba m'manja ndi sopo, poti nkhasi zimanyamula majeremusi otsegula m'mimba. Katoni ina yopanda kanthu imakhala m'buti mpaka kutha kwa Julayi.