Zikomo chifukwa mayi anga sanakhale okha

Abale ndi alongo, mayi atuluka m'chipatala. Akuyendera ndodo, dzanja lamanzere likadali lolemera, koma akudya okha nsima, ndipo dzulo akalipira mdzukulu wawo chifukwa chosiya mpopi ukutaya madzi. Amene munawaona sitiroko itangowagwetsa mukudziwa kuti zimenezi n'zazikulu. Mulungu watichitira chifundo, ndipo chifundocho chinabwera kudzera m'manja mwa anthu. Anthuwo ndi amene ndikufuna kuwathokoza pano.

Anamwino ndi madokotala a muwodi ya amayi, zikomo. Ndinu ochepa, odwala ndi ambiri mpaka ena kugona pansi, koma usiku mumabwerabe kudzayeza BP. A fiziyo amene munawaphunzitsa mayi kuimanso ndi miyendo yawo, Ambuye akudalitseni.

Iwe mnzanga wa kuntchito, unabwera ndi fulasiki ya tiyi ndi buku, n'kunena kuti ugadiyani uli ndi nthawi yambiri yongokhala. Bukulo linali The Joys of Motherhood la Buchi Emecheta, mayi wa ku Nigeria, lomwe linatuluka mu 1979. Ndinkaliwerenga mayi akagona, nditayala chitenje m'khonde pomwe panali getsi. Linandiswa mtima kuposa buku lililonse lomwe ndinawerengapo.

Nkhani yake ndi ya Nnu Ego, mwana wa mfumu ya ku Ibuza. Banja lake loyamba linatha chifukwa mwana sankabwera. Anamutumiza ku Lagos kukakwatiwa ndi Nnaife, mwamuna amene anali asanamuonepo, wochapa zovala panyumba ya azungu. Atabereka mwana wamwamuna anaona ngati tsopano wakhala munthu, koma khandalo linamwalira lili ndi masabata anayi okha. Bukuli limayamba mu 1934 mayiyu akuthamanga mumsewu ngati wamisala, mkaka ukuchucha m'mawere, akupita kukadziponya pa mlatho wa Carter. Anamugwira ndi munthu wa kwawo amene anamuzindikira.

Ana ena anabwera, ambiri ndithu, ndipo moyo wake wonse anawuthera pa iwo. Nnaife anagwidwa mokakamiza kupita ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mkazi n'kutsala ndi ana m'kachipinda ka lendi. Ankagulitsa ndudu ndi machesi, kenaka nkhuni, kuti anyamata asasiye sukulu. Zovala zabwino analibe. Anzake analibenso, poti nthawi yochezera akanaitenga kuti? Apa m'pamene misozi inayamba kundituluka, chifukwa mayi ameneyu ndimamudziwa. Mayi anga ankadzuka tambala woyamba asanalire kukazinga mandasi, ndipo zipsera za mafuta zikadali pamikono pawo mpaka lero. Ndikamawapukuta m'mawa muwodi muja ndinkaziona bwinobwino, tizipsera tozungulira takuda, tina pamwamba pa tinzake. Fizi yanga ya ku sekondale inachokera pamenepo.

Mathero ake ndi amene anandimaliza. Mwana wamkulu mwa amene anakula, Oshia, anapita kukaphunzira ku America. Wachiwiri, Adim, anapita ku Canada. Nnaife anamangidwa, abale ake n'kumaloza chala mkaziyo kuti ana sanawalere bwino. Nnu Ego anabwerera ku Ibuza, mutu n'kuyamba kusokonekera, akumauza anthu za ana ake a kunja pomwe kalata sizinkabwera. Usiku wina anagona m'mbali mwa msewu poganiza kuti wafika kunyumba, n'kufera pomwepo, popanda mwana womugwira dzanja. Atamwalira ana anabwera, anachita maliro aakulu oti mudzi wonse unali usanawaonepo, mpaka Oshia analowa nawo m'ngongole. Anthu n'kumati mayi ameneyu anali ndi mwayi.

Ndinatseka buku, n'kulowa muwodi, n'kukhala pabedi la mayi. Anali mtulo, mkamwa mutapotokera mbali imodzi. Ndinalira mpaka mayi wina amene ankadwazika mchemwali wake pabedi loyandikana nalo anadzuka. Sanandifunse zambiri. Anangoti, “Mwanawe, amayi ako akupuma, tawaona.” Kenaka ananditengera panja n'kundipatsa madzi. Mayi inu, sindikudziwa ngati uthengawu ukufikeni, koma zikomo. Munandisungira malo pamzere wa phala, munandibwereka beseni, ndipo ndikapita kukasamba munkawayang'anira mayi anga ngati mbale wanu.

Kwa ine chimene chimawawa m'bukuli n'chakuti mulibe mfiti. Oshia si chigawenga. Ndi mwana wanzeru amene anauzidwa kuti aphunzire, n'kuphunziradi, sukuluyo n'kumutengera kutali. Nnu Ego naye sanalakwe. Anachita zonse zimene anauzidwa kuti mkazi wabwino amachita, pokhulupirira kuti ana ndiwo chuma cha paukalamba. Ngakhale Adaku, mkazi wamng'ono wa Nnaife amene anachoka pabanjapo ndi ana ake aakazi kukadziyimira payekha pa geni, sindinathe kumuweruza. Ukamawerenga umasowa womukwiyira, ndiye chisoni chonse chimangokukhala pachifuwa. Emecheta ankalemba zimene ankazidziwa, poti iye mwini analera ana asanu yekha ku London.

N'chifukwa chake achimwene, ndikukuthokozani pagulu. Mukanatha kungotumiza ndalama pafoni kuchokera ku Joni ndipo palibe akanakunenani, aliyense akudziwa kuti ntchito za kumeneko ukachokapo upeza wina walowa. Koma munakwera basi, kudutsa Beitbridge ndi Mwanza, n'kufika muwodi chikwama chili kumsana. Mayi anali asanayambe kulankhula zomveka, koma atakuonani anatchula dzina lanu la paubwana. Anamwino anamva, ine ndinamva. Ndalama zomwe munatumiza zinagula mankhwala, ndipo tikuyamika, koma tsiku limenelo n'limene mayi anayamba kulola kudya. Alamu, zikomo powalola kubwera ndi potsala nokha ndi ana.

Amayi a kumpingo, munkasinthana kubwera ndi chakudya, lero uyu mawa uyo, ndipo simunkangosiya kontena n'kumapita. Munkakhala, kuwaimbira nyimbo yawo ya pamtima chapansipansi, kuwauza za kumsika, amene wakweza mtengo wa tomato ndi amene wakwatitsa mwana. Azimayi anzawo a geni, munasonkha kangachepe kuchokera pampamba wanu womwe, ndipo ndikudziwa mmene zinthu zakwerera. Nnu Ego analibe anthu ngati inu. Mayi anga ali nawo, ndipo pa zimenezi mawu andichepera.

Amalume, zikomo posamala munda ndi mbuzi nthawi yonseyi. Abwana anga ndi anzanga a muofesi amene munagawana ntchito yanga osadandaula, zikomo. Ndi inu nonse amene munkaimba foni, kulemba pa WhatsApp ndi kupemphera, mauthenga anu ndinkawawerengera mayi limodzilimodzi.

Buku lija ndawapatsa achimwene kuti akawerenge m'basi pobwerera. Mnzanga, undikhululukire, libwera pa Khirisimasi. Amene simunaliwerenge lifunefuneni, koma dziwani kuti mulira.

Mayi akhala kwa ine kuno mpaka a fiziyo atanena kuti akhoza kubwerera kumudzi. Amene mukufuna kudzawaona bwerani masana, chifukwa m'mawa amakhala akuchita masewera olimbitsa dzanja ndi mwendo. Adokotala aletsa mchere wambiri ndi zamafuta, ndiye musavutike ndi zokazinga. Nthochi ndi mapapaya akudya bwino, ndipo akufuna kumva nkhani zonse za kumsika.