Kachifanizo ka Fallingwater: thanthwe latha, makonde akwera

Apa ndi pamene ntchito yopanga kachifanizo ka nyumba yotchedwa Fallingwater yafika. Malo onse aumbidwa, matanthwe a mathithi asemedwa koma madzi sanathiridwe, nsanamira zinayi zaima, ndipo khonde lapansi ndi lapamwamba pake akwera kale. Makoma amiyala atha mbali ya chumuni yokha. Sikelo ndi 1:100, kutanthauza kuti sentimita imodzi pakachifanizo ndi mita imodzi panyumba yeniyeni. Zonse zakhala pa pulayiwudi ya mamilimita 12, yotalika masentimita 60, mulifupi 45. Nyumba ya alendo, imene inaonjezedwa kumtunda mu 1939, siikwana pathabwali, choncho yasiyidwa.

Kwa amene akuimva koyamba: Frank Lloyd Wright, katswiri wojambula nyumba wa ku America, anajambula nyumbayi mu 1935, kujambulira banja la Edgar J. Kaufmann, mwini sitolo yaikulu ku Pittsburgh. Ntchito yomanga inayamba mu 1936 pamtsinje wa Bear Run ku Pennsylvania, ku America. Banjali linkayembekezera nyumba yoyang'anizana ndi mathithi, koma Wright anaikhazika pamwamba penipeni pa mathithiwo. Ukakhala mkati madzi umangowamva, kuti uwaone akugwa uyenera kutuluka.

Wofuna kupanga kachifanizo ka nyumba imeneyi ayambe ndi nthaka. Nyumba zambiri ungathe kuzimangira patebulo n'kuzinyamula kukaika pamalo ake, koma iyi ayi, chifukwa ilibe pansi posalala pokhalira. Kumbuyo yaluma phiri, kutsogolo yalendewera pamwamba pa madzi, ndipo mwala wina wa pamalopo watulukira m'chipinda chochezera. Mukayamba ndi makoma, mudzakakamizika kudula phiri kuti ligwirizane ndi nyumba, ndiye mwatembenuza nzeru yonse ya nyumbayo.

Mapulani ake ndi a mafiti ndi mainchi, ndipo apa sikelo ya 1:100 ikuthandiza. Futi imodzi ndi masentimita 30.48, omwe pakachifanizo ndi mamilimita atatu ndi kanthu kochepa. Ndiye katoni yolimba ya mamilimita atatu ikuimira futi imodzi ya kukwera kwa nthaka. Mzere uliwonse wa pamapu wolumikiza malo okwera mofanana ujambulidwe pakatoni yake, udulidwe, kenako zisanjikizidwe. Musadule zidutswa zathunthu. Dulani ngati mkombero, musiye masentimita awiri olowa pansi pa chidutswa chapamwamba, mkati mukhale mphako. Katoni imapita yochepa ndipo thabwa sililemera. Pokhapokha pamene pakhale nsanamira ndi chumuni m'pofunika pakhale pogwirana mpaka pansi. Pamenepo ndaikapo kachidutswa ka thabwa kokhomedwa ndi sikuluwu kuchokera kunsi kwa pulayiwudi.

Guluu ndi woyera wa akalipentala, wopakidwa mopyapyala, kenako mabuku olemera pamwamba usiku wonse. Phala la ufa wa chinangwa limamata bwino, koma mphemvu zimalikonda, ndiye lisayandikire.

Matanthwe ndiwo afuna kuleza mtima kwambiri. Mwala wa ku Bear Run ndi wamchenga, wogona mosanjikizana, ndipo m'mphepete mwake mumatuluka timilomo tosiyana kutalika. Mathithi amagwa kuchokera pa mlomo wotere, pansi pake pali kamdima. Ukaumba matanthwe obulungira ngati a m'mapiri athu ambiri, nyumba imaoneka yobwera, chifukwa makonde ake anatengera kagonedwe ka miyala imeneyi. Ndagwiritsa ntchito plaster of Paris, ufa uja amapangira chikhakha kuchipatala: magalamu 100 a ufa pa mamililita 70 a madzi. Thirani ufa m'madzi, osati madzi mu ufa, apo ayi mumachita mibulu. Sakanizani pang'ono pang'ono, chifukwa pakatha mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu umayamba kugwira. Nthawi yabwino yosema ndi pamene wagwira koma ukadali wozizira ndi chinyezi. Nsonga ya mpeni imalowa mosavuta ndipo mizere imatuluka yakuthwa. Ukauma gwa umathetheka zibenthu.

Katoni isanalandire ufa wonyowawu iyenera kupakidwa vanishi kawiri. Ikapanda kupakidwa imamwa madzi a mu ufawo, imafufuma, ndipo ufa umauma msanga n'kung'aluka motsata mizere ya katoni.

Tsopano makonde, pamene pagona mbiri ya nyumbayi. Khonde lapansi limakhala pa mitanda inayi ya konkire yotuluka mamita opitirira anayi popanda mzati kutsogolo. Mitandayo yatsamira pa nsanamira zinayi, zitatu za konkire ndi imodzi yamiyala, ndipo kumbuyo kwake yaponderezedwa ndi kulemera kwa makoma amiyala. Zili ngati mkono wotambasula utanyamula ndowa: minofu yapamwamba ndi imene imakokeka, n'chifukwa chake pa mtanda wotere zitsulo zofunika kwambiri zimakhala kumtunda. Panyumba yeniyeni zitsulozi zinachepa, ngakhale kuti omanga anaonjezera pa zimene zinali m'pulani. Matabwa othiriramo konkire sanawapendeketsenso m'mwamba pang'ono monga zimayenera kukhalira. Atangowachotsa, khonde linatsika pafupifupi mamilimita 45, ndipo linapitiriza kutsika pang'onopang'ono mpaka mbali ina inafika masentimita pafupifupi 18. Khonde lapamwamba linkaonjezera vutoli, chifukwa mbali ya kulemera kwake imatsikira pa lapansi kudzera m'tizitsulo tinayi toimirira tobisika m'mafelemu a mazenera. Mu 1997 anachirikiza nyumbayo ndi zitsulo zongoyembekezera, ndipo mu 2002, motsata pulani ya kampani ya mainjiniya ya Robert Silman, anadutsitsa zingwe zachitsulo m'mbali mwa mitanda n'kuzikunga. Kutsika kunaima, koma makonde sanawabwezere pa levulo.

Pakachifanizo khonde silitsika ndi kulemera, popeza mamita anayi ndi theka ndi mamilimita 45 okha. Mdani wake ndi chinyezi. Katoni ikapakidwa guluu kapena penti wamadzi mbali imodzi, mbali imeneyo imafufuma, kenako pouma imakhwinyata n'kukoka chidutswa chonse. Nyengo ya dzinja zimanyanya. Khonde lopangidwa ndi katoni imodzi limapindika ndithu, ngakhale litadulidwa bwino chotani.

Njira imene yagwira ndi yotengera nyumba yeniyeni. Pansi pali katoni ya milimita imodzi, pamwamba pake masipoko anayi a njinga a mamilimita awiri, ogonekedwa pamene pali mitanda inayi ija, ndiye katoni ina ya milimita imodzi kuvundikira. Mipata ya pakati pa masipoko yadzazidwa ndi timizere ta katoni ya mamilimita awiri. Sipoko iliyonse yapitirira kumbuyo masentimita asanu n'kulowa m'kachidutswa ka thabwa kaja. Chitsulo ndi katoni zimamatana ndi guluu wa epoxy wosakaniza machubu awiri. Guluu woyera sagwira chitsulo. Zikatha, vanishi mbali zonse ziwiri tsiku limodzi, m'mphepete momwe, penti pambuyo.

Kodi kutsika kwa masentimita 18 kuoneke pakachifanizo? Pa sikelo iyi ndi mamilimita 1.8. Ine ndasankha kumanga mowongoka monga Wright anajambulira, chifukwa kupendekeka kochepa chonchi diso limakuona ngati dzanja lolephera, osati mbiri ya nyumba. Wina akhoza kusankha mosiyana ndipo ali ndi mfundo.

Timakoma ta m'mphepete mwa makonde tili ndi milomo yobulungira, ndipo izi siziyenera kunyalanyazidwa. Sandipepa ya nambala 400, yokulungidwa pa kathabwa, imakwanira. Mukasiya ngodya zakuthwa konkire amaoneka wouma mtima, pamene panyumba yeniyeni amaoneka wofewa pafupi ndi miyala yokhakhala.

Miyala ya makoma inakumbidwa pafupi ndi nyumbayo, ndipo anaiyala mosafanana dala: ina yopyapyala, ina yokhuthala, ina yotuluka kunja kuposa inzake, kuti khoma lifanane ndi matanthwe a mumtsinje. Pepala losindikizidwa miyala silingaonetse zimenezi chifukwa lilibe mthunzi. Ndadula timizere ta katoni ya theka la milimita, ya milimita imodzi ndi ya imodzi ndi theka, totalika mamilimita 4 mpaka 12, n'kumamata kamodzikamodzi pa khoma lamkati. Pa timiyala tisanu kapena tisanu ndi kamodzi, kamodzi kazituluka theka la milimita. Mipata yoimirira isakumane mizere iwiri yotsatizana. Ntchitoyi ndi yochedwa, koma nyali ikaunika cham'mbali khoma limadzuka. Penti wa makoma ndi wa matanthwe achokere m'kapu imodzi: wotuwa wosakaniza ndi wofiirira pang'ono, kenako wakuda wosungunula kwambiri kuti alowe m'mipata, pomaliza bulashi youma yokhala ndi penti wowala kungopukuta pamwamba. Mitundu ikasiyana, diso limaona pamene phiri lathera ndi pamene nyumba yayambira, chonsecho malirewo sayenera kuoneka.

Mitundu ina ndi iwiri yokha: wachikasu wotumbuluka wonga dothi pa konkire, ndi wofiira woderako, umene Wright ankautcha Cherokee red, pa zitsulo zonse.

Mwala wa m'chipinda chochezera ndauumba pamodzi ndi phiri, ndipo katoni yapansi ndaiboola kuti mwalawo utulukire patsogolo pa malo osonkhapo moto. Panyumba yeniyeni miyala yoyala pansi imapakidwa polishi n'kumanyezimira, koma mwala uwu amausiya wosapaka. Pakachifanizo ndi chimodzimodzi: vanishi wonyezimira pansi, mwala wouma. Denga likavundikira zidzangooneka pazenera, komabe ziyenera kukhalapo.

Zina zotsala ndi mazenera, masitepe olendewera otsikira kumtsinje kuchokera m'chipinda chochezera, mitanda ya panjira ya galimoto kuphatikizapo uja wokhota mozungulira mtengo, ndi madzi. Pa mazenera, superglue asayandikire pulasitiki yoonekera, chifukwa nthunzi yake imasiya chifunga choyera chosachoka. Kadontho ka guluu woyera pansonga ya singano n'kokwanira. Mazenera a pangodya alibe chitsulo choimirira pangodyapo, ndiye pulasitiki idulidwe pang'ono kumbuyo n'kupindidwa, osati kulumikiza zidutswa ziwiri. Madzi a mumtsinje adzakhala a resin (mankhwala amadzimadzi oonekera amene amauma gwa ngati galasi), wothiridwa mamilimita atatu nthawi imodzi, chifukwa wokhuthala amatentha pouma ndipo amachita thovu. Asanathiridwe, khwawa lonse lipakidwe vanishi katatu ndipo kumapeto kwa thabwa kutsekedwe ndi tepi, popeza resin amapeza kabowo kalikonse. Madzi ogwa pamathithi adzapangidwa padera: silicone woonekera wopakidwa pagalasi lopaka sopo, wokandidwa mizere ndi kamtengo, n'kumatulidwa atauma. Masitepe aja ayenera kulowa resin asanathiridwe, choncho ndiwo ntchito yotsatira.