Ndinapita kwathu ku Nkhotakota kukafunsa kuti tilipo angati

Ife a mudzi umodzi amene tikukhala ku Lilongwe tili ndi gulu la pa WhatsApp. Ntchito yake yaikulu ndi kusonkha za maliro, koma chaka chino tinagwirizana zofunafuna thandizo la mjigo watsopano kumudzi. Bungwe lina linatimvera, n'kutipatsa fomu ya masamba awiri. Mafunso ake anali achidule: mudziwo uli ndi mabanja angati, anthu angati, ana osakwana zaka zisanu angati, madzi akutunga kuti panopa, chipatala chili pa mtunda wautali bwanji. Nditaika fomuyo pagulu paja panangoti zii. Kenaka aliyense anayamba kutchula nambala yake, ndipo panalibe awiri amene anafanana. Tonse tinabadwira komweko, michombo yathu ili komweko, koma mudzi wathu sitinkaudziwa kukula kwake.

Ndinayamba ndafufuza pa intaneti. Za boma lonse zilipo, ndipo n'zomveka bwino. Kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018, amene anachititsa a National Statistical Office a ku Zomba, anapeza kuti m'Malawi muno tinalipo 17,563,749. Nkhotakota inali ndi anthu pafupifupi 393,000, kuchoka pa 304,000 mu 2008. Anansi athu a ku Salima anali pafupifupi 478,000. Ziwerengero za m'madera a mafumu aakulu monga Malengachanzi, Mwadzama, Mwansambo, Kanyenda, Mphonde ndi Kafuzira nazonso zimapezeka. Koma ukatsika kufika pamudzi wa nyakwawa, foni siikuthandizanso. Komanso kuchokera 2018 papita zaka, ana obadwa chaka chimenecho ali kale kusukulu. Ndinangoona kuti kulibwino ndinyamuke.

Msewu wa ku Salima ndimaudziwa ngati chikhatho changa. Ukangodutsa Mvera n'kuyamba kutsetsereka, juzi imayamba kulemera, malambe n'kuyamba kuoneka. Ndinatsika pa Kaphatenga pamene msewu wa M5 umakhotera kumpoto, n'kukwera Sienta yomwe tinapanikizanamo ngati usipa wa m'chidebe. Chimene ndinaona ulendo uno, mwina chifukwa mutu unali pa zowerenga, ndi mmene timisika ta m'mbali mwa msewu takulira. Malo ngati Khombedza ndi Siyasiya kale unkangodutsa osazindikira. Lero kuli zigayo, mashopu a Airtel Money ndi Mpamba, ogulitsa masola, anyamata a kabaza wa njinga zamoto atandandalika pamthunzi. Ndinatsikira pa Benga dzuwa litapendeka, n'kukwera kabaza kulowera chakunyanja.

Amalume anga ndiwo nyakwawa ya mudziwo. Titapatsana moni, titafunsana za odwala ndi za mpunga wa chaka chino, ndinawauza chimene ndinabwerera. Anaseka pang'ono n'kunena kuti, “Mphwanga, wadzera zimenezi ulendo wonsewu? Dikira tidye kaye.” Azakhali anali ataphika kondowole ndi utaka wowamba, ndipo nkhani ya manambala inadikira mpaka m'mawa.

Kutacha amalume analowa kuchipinda n'kutuluka ndi kaundula wa mudzi. Ndi kope lalikulu lachikuto cholimba, lokutidwa ndi pepala la pulasitiki la shuga kuopa chinyontho. Masamba oyambirira anachita kufiira ndi ukalamba, m'mphepete mwake chiswe chinalawako. Banja lililonse lili ndi mzere wake: mwini nyumba, mkazi kapena mwamuna wake, ana. Amene anamwalira anawaika kamtanda pambali pa dzina. Ena analembedwa ndi pensulo kuti “ali ku Joni”, ena “anakwatiwa ku Dwangwa”. Ndinapeza dzina la malemu mayi anga ndi kamtanda kake, pansi pake dzina langa, pambali pake mawu akuti “ku Lilongwe”. Ndinakhala kanthawi ndisanatembenuze tsamba limenelo.

Tinawerenga limodzi, iwo akuloza ndi chala, ine ndikulemba. Titamaliza anandiuza okha kuti nambala imeneyo ndisaikhulupirire yonse. Kaundulayu ndi amene amatulutsidwa kukabwera zolembera feteleza wotsika mtengo kapena Mtukula Pakhomo, ndiye anthu anaphunzira. Mnyamata akangomanga gowelo lake, amafuna alembedwe ngati banja palokha, chikhalirecho nsima akudyabe kwa amake. Gogo amene akusungidwa ndi mwana wake naye ali ndi mzere wakewake. Ine sindikuwaweruza anthu amenewa. Thumba limodzi la feteleza ndi limene limasiyanitsa banja lokolola ndi banja logona ndi njala mu Febuluwale. Koma zikutanthauza kuti kope la amfumu limachulukitsa mabanja.

Anandituma kwa mlangizi wa zaumoyo, amene ambiri amangoti a HSA. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akuchititsa sikelo, ana akulira pa kachikwama kolendewera kaja, amayi atagwira mabuku a kuchipatala. Atamaliza anandionetsa kaundula wawo. Iwo amawerenga banja potengera anthu odyera mphika umodzi, monga amachitira a kalembera, ndipo mabanja awo anachepa ndi oposa khumi poyerekeza ndi a amalume. Koma buku lawo linali ndi zinthu zimene ine sindinaziganizireko: ana osakwana zaka zisanu, amayi oyembekezera, nyumba zimene zili ndi chimbudzi, zimbudzi zimene zili ndi chivundikiro, makomo amene ali ndi mpondagiya wosambira m'manja, dzenje la zinyalala, thandala la mbale. Ndondomeko ya boma imafuna kuti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000. Bambo amenewa amayendera midzi ingapo pa njinga yakapalasa, ndipo anandiuza kuti anthu awo anapitirira pamenepo kalekale. Kunena zoona, ngati pali munthu amene akudziwa chiwerengero chenicheni cha midzi ya dziko lino, ndi anthu a yunifolomu ya buluu amenewa, ndipo sitiwatchula kawirikawiri.

Iwowo ndi amene anandiuza kuti, “Achimwene, musanalembe nambala iliyonse, kafikeni kudoko.”

Ndinapita madzulo ake. Mwera unali utaleka, ndipo nyanja inali bata. Pamchenga panali misasa ya udzu yambirimbiri, mathandala a usipa atayalidwa mpaka kutali, alovi akusoka makoka, ena akukonza nyali zoti akawalitsire usiku. Ndinamva Chitonga, Chiyao ndi Chitumbuka pamalo amodzi. Anthu amenewa amatsata nsomba. Usipa ukagwa kuno amabwera ndi mabwato awo, amayi ogula nsomba n'kuwatsatira ndi ana kumsana, ndipo amatha miyezi. Nsomba zikasowa amasamukira kwina. Sali m'kope la amalume chifukwa si mbumba yawo. Kalembera amalemba munthu pamene wamupeza pa nthawi yowerengayo, ndipo wa 2018 anachitika mu Seputembala, ndiye amene anali padoko lino mwezi umenewo si amene alipo lero. Koma onsewa amamwa madzi, amafuna chimbudzi, akadwala malungo amapita kuchipatala chomwecho. Kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja, ndipo ukaima padoko ngati limeneli sufunsanso chifukwa chake.

Tsiku lachitatu ndinalipatula kuti ndiyende wapansi kuona zinthu zimene fomu inkafunsa. Pagulu la WhatsApp paja tonse tinkati mudzi uli ndi mijigo itatu, ndipo ilipodi itatu. Woyamba uli kufupi ndi dambo, madzi ake ndi amchere, amayi amangochapira ndipo sopo sachita thovu. Wachiwiri unafa chaka chatha. Ndinaugwira chogwirira chake, chinangotsika chopepuka popanda kukoka kanthu, ndipo pasimenti pake panali pataphuka udzu, mbuzi zitagona. A komiti ya mjigo anandiuza kuti ndodo za m'kati zinaduka, makaniko wa m'deralo anabwera n'kutchula mtengo, koma ndalama zimene mabanja amasonkha pamwezi zinali zitathera ku marabala. Ndi mjigo wa mtundu wa Afridev, womwe uli paliponse m'Malawi muno ndipo zipangizo zake zimapezeka, vuto ndi ndalama basi.

Wachitatu ndi umene ukusenza mudzi wonse pamodzi ndi doko. Ndinadzuka nawo azakhali nkhuku zisanatsike, ndipo tinapeza ndowa ndi zigubu zili kale pamzere, zina eni ake atazisiya usiku kuti ziwasungire malo. Mtsikana wina wa yunifolomu ya sukulu ankapopa modumphadumpha chifukwa chogwirira chinkamulemera, uku akuyang'ana dzuwa. Muyezo umene a zamadzi amatsata ndi wakuti mjigo umodzi uzitumikira anthu 250. Pamene ndinaima paja sipankafunika kope kuti udziwe kuti muyezowo unapyoledwa. Pepala likati “mijigo itatu” silinama, koma munthu wokhala mu ofesi akaliwerenga aganiza kuti mudzi uno uli pabwino, n'kupereka mjigo kwina.

Za chipatala nazo n'chimodzimodzi. Ndinayenda ndi mwana wa amalume, tinatenga ola limodzi ndi theka, ife anthu abwinobwino opanda katundu. Panjira pali kamtsinje komwe tinangodumpha, koma iye anandionetsa pamtengo pamene madzi amafika m'dzinja, mpaka m'chifuwa mwanga. Miyezi imeneyo mayi woyembekezera amayenera kupita kuchidikiro masiku akadalipo, apo ayi azungulire njira yakumtunda. Pa fomu paja pali kabokosi kamodzi kolembamo makilomita. Ndinalemba makilomitawo, n'kuwonjezera pansi pake za mtsinjewo ngakhale panalibe malo ake. Sukulu ya pulayimale ili pafupi, makalasi awiri amaphunzirira pansi pa mtengo. Sekondale yoyendera ili kutsidya kwa msewu wa tala.

Ndisanabwerere ndinafika ku boma. Pa Chia, pamene nyanja yaing'ono ija imalumikizana ndi yaikulu, galimoto inaima kuti anthu agule chambo, ndipo dalaivala anamangirira nsomba zake pagalasi lakunja. Tauni ya Nkhotakota ndi yakale kuposa mizinda yathu yambiri. Pano ndi pamene a Jumbe ankasonkhanitsira akapolo n'kuwawolotsa nyanja, ndipo mkuyu umene David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe udakalipo kufupi ndi chipatala cha St Anne's cha mpingo wa Anglican. Koma chimene chinandigwira mtima ndi mapu a boma lonse amene ndinaona atapachikidwa pakhoma. Boma la Nkhotakota ndi lalikulu makilomita 4,259 m'bwalo, koma pafupifupi 1,800 mwa amenewa ndi nkhalango yosungirako nyama, ija a African Parks anayamba kuyendetsa mu 2015 n'kubweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Kumpoto kuli minda ya nzimbe ya ku Dwangwa. Ndiye anthu ambiri apanikizika m'kamzere ka pakati pa nkhalango ndi nyanja. Munthu akangogawa chiwerengero cha anthu ndi kukula kwa boma, aganiza kuti kwathu malo ndi ambiri. Amalume amaweruza milandu ya malire a minda pafupifupi sabata iliyonse.

Ndinaphunziranso kuti njira yoti nambala za mudzi zifike kukhonsolo ilipo. Zimayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, kupita ku komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, ADC, kenaka kukhonsolo, kumene amalemba buku lofotokoza za boma lonse ndi mapulani a chitukuko. Zikalakwika pansi, zimalakwika mpaka pamwamba. Madzi atasefukira ku Dwangwa mu Febuluwale 2024, msewu wa M5 n'kuduka, funso loyamba la obweretsa thandizo linali lomweli la pa fomu yathu: mabanja angati, anthu angati, ali kuti. Tsiku ngati limenelo palibe nthawi yoyamba kuwerenga.

Usiku womaliza tinakhala pakhonde ndi amalume, mlangizi uja ndi amayi awiri a komiti ya mjigo, tochi ya foni ili pakati. Tinayala makope awiri aja n'kumayenda khomo ndi khomo pakamwa. “Uyu amadya kwa amake, muphatikizeni.” “Awa anasamukira ku Mwansambo chaka chatha.” “Apa mwaiwala mwana, wabadwa mwezi wa Epulo.” Amayi aja ndi amene ankadziwa zambiri, chifukwa pamjigo ndi pamene mudzi wonse umadutsa. Pa fomu tinalemba nambala ya mlangizi titaikonza, ndipo pa pepala lina tinafotokoza za anthu a kudoko, miyezi imene amachuluka, za mjigo wamchere ndi wakufa uja. Amalume anadinda chidindo chawo pansi.

Fomuyo ndinakapereka nditangofika ku Lilongwe, ndipo yankho tikudikirabe. Pagulu paja tagwirizana kuti ndalama za mwezi uno zipite ku ndodo za mjigo wachiwiri, chifukwa zimenezo sizifuna kudikira bungwe. Kope la amalume latsala masamba atatu okha. Ndagula lina lachikuto cholimba ndi mabolopeni awiri, ndipo mdzukulu wawo amene akupita kumudzi Loweruka lino ndi amene alitenge.