Mwala wa pansi pa mudzi unanditsegulira mapu a England

Sabata ino ndapeza mpumulo umene ndakhala ndikuufuna chiyambire teremu. Ntchito imene anatipatsa m'kalasi ya zokopa alendo inali yokonza ulendo wa pa galimoto wodutsa m'midzi ndi m'mizinda ya England, ndi kufotokoza chifukwa chake mlendo ayenera kuima pamalo alionse amene tasankha. Kwa masabata 6 ndinkangodzaza mapepala ndi mayina a Bath, Stonehenge, Oxford, York ndi Lake District. Mayinawo anali oyenera, koma sankagwirizana, ndipo ndinalibe chifukwa chenicheni choikira malo ena patsogolo pa anzake. 

Mfundo imene inandimasula ndi yakuti mudzi wakale wa ku England umaoneka ngati mwala umene uli pansi pake. Njanji ndi ngalande zoyendamo maboti zisanabwere, kunyamula miyala mtunda wautali kunali kodula kwambiri, choncho amisiri ankamangira chimene akumba pafupi ndi kwawo. Ndinazindikira zimenezi nditaona mapu a miyala amene katswiri wa miyala William Smith anafalitsa mu 1815. Pa mapuwo mitundu ya miyala siinabalalike chisawawa, koma yagona m'mizere yopingasa dziko kuchokera kum'mwera chakumadzulo kulowera kumpoto chakum'mawa. Mzere wa mwala wa laimu umayambira kugombe la Dorset, kudutsa Bath ndi zitunda za Cotswolds, mpaka ku Stamford ndi Lincoln. Nditaika mapu a misewu pambali pake, ndinaona kuti Fosse Way, msewu wa Aroma wochokera ku Exeter kupita ku Lincoln, umayenda pamwamba pa mzere womwewo pamene ukudutsa Cotswolds, ndipo chigawo chake china lero ndi msewu wa A429 wodzera ku Cirencester, Stow-on-the-Wold ndi Moreton-in-Marsh.

Apa ndi pamene zonse zinagwirana. Nyumba za Royal Crescent ku Bath, zimene anayamba kumanga mu 1767, ndi tinyumba ta Arlington Row ku Bibury zili ndi maonekedwe ofanana, achikasu ngati uchi, chifukwa zinachokera m'thanthwe la mtundu umodzi. Dothi la pamwamba pa thanthwelo ndi lopyapyala ndipo silisunga madzi, motero limayanja nkhosa. Nkhosazo zinapereka ubweya, ubweyawo unalemeretsa amalonda, ndipo amalondawo anamanga matchalitchi akuluakulu a ku Northleach ndi Chipping Campden ndi mwala womwe uja. Mlendo akaima ku Northleach n'kudabwa kuti tauni yaying'ono chotere inapeza bwanji tchalitchi chachikulu chonchi, yankho lili pansi pa mapazi ake. Kwathu ndinakula ndikudziwa kuti njerwa zimatenga mtundu wa dothi limene aumbira, ndipo zikundimvetsa chisoni kuti zinanditengera nthawi yaitali kuti ndione kuti nkhani yake ndi imodzimodzi.

Zigawo zina za ulendo zinalowa m'malo mwake mosavuta. Msewu wa A303 umadutsa pafupi ndi Stonehenge, malo akalekale a miyala ikuluikulu yoimikidwa mozungulira, pachidikha cha Salisbury chimene ndi cha mwala wa choko, ndipo choko chomwecho ndi chimene chimaonekera pa chithunzi cha kavalo woyera chosemedwa paphiri ku Uffington ndi pa maphompho oyera a Seven Sisters ndi Dover. Popeza choko ndi chofewa, makoma ambiri a kumeneko anamangidwa ndi timiyala tolimba ta flint topezeka mkati mwake. Kumpoto, Peak District, imene inakhala paki yoyamba yotetezedwa ya dzikolo mu 1951, ili ndi nkhope ziwiri: mbali ya laimu yotuwa, ndi mbali ya mwala wakuda wokhakhala umene ankasemera mphero. Ku Lake District makoma ndi madenga ndi a sileti.

Njira imene inandithandiza ndi yojambula ndi dzanja. Ndinayala pepala loonekera pamwamba pa mapu a misewu, ndinapaka mtundu uliwonse wa mwala ndi pensulo yakeyake, kenako ndinalemba malo onse amene ndinkafuna kuti mlendo aimepo. Ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti maola awiri a ntchito imeneyi amaposa mwezi wathunthu wowerenga pa kompyuta, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu ndikanalamula kuti wophunzira aliyense ayambire pamenepa asanatsegule buku lililonse. Dzanja likadutsa lokha kuchokera ku Bath kukafika ku Lincoln ndi pensulo imodzi, mutu suiwalanso.

Chimene chikundiwawa ndi chakuti aphunzitsi athu anatha milungu yambiri pa mitengo ya mahotela ndi kutsatsa malonda, koma nkhani ya miyala anangoikhudza mphindi zochepa, ngati kuti ndi yongowonjezera. Nditafunsa, anayankha kuti zimenezo ndi za maphunziro ena. Sindikuvomereza, chifukwa woperekeza alendo amene sangafotokoze chifukwa chake mudzi uwu ndi wachikasu pamene uja ndi wotuwa akungowerenga zikwangwani za pamsewu. Nthawi nayonso yandipanikiza, pakuti ndimagwira ntchito madzulo, ndipo malo ambiri amene ndalemba ndawayendera pa mapu pokha.

Mizinda ikuluikulu ndiyo ikundisowetsabe mtendere. London yakhala pa dongo, ndipo njerwa zake zachikasu zikugwirizana ndi mfundo yanga, koma tchalitchi cha St Paul's, chimene Christopher Wren anamanga pambuyo pa moto waukulu umene unawotcha mzindawo mu 1666, ndi cha mwala wa ku Portland umene unabwera pa madzi kuchokera ku Dorset. Madenga ambiri a ku Manchester ndi Birmingham ndi a sileti yochokera ku Wales. Ngakhale ku Stonehenge komweko, miyala ing'onoing'ono inachokera ku mapiri a Preseli ku Wales. Zikuoneka kuti pamene pali chuma, mphamvu kapena njira ya pa madzi, mwala umayenda kutali. Sindinatsimikize ngati ndilembe mizindayi ngati mbali yachiwiri ya mfundo yomweyi kapena ngati ikufuna mfundo ina imene sindinaigwire, ndipo ndikukayikabe ngati mlendo wa masiku 7 angafune kumva za thanthwe monga momwe ine ndikufunira kumuuza.