Zikomo nonse amene munatithandiza kukonza manda akale

Loweruka lapitali tinamaliza kutsuka chiliza chotsiriza pamanda akale a m'tauni mwathu, ndipo ndati ndisakhale chete. Mukukumbukira mmene panalili mphepo yamkuntho itagwetsera mtengo pampanda: ziliza zosweka, tchire lofika m'chiuno, mizu itatukula miyala. Ine ndinali mmodzi mwa amene ankati apa ndiye zatha.

Zikomo anyamata amene munabwera ndi makina ochekera mitengo, achinyamata a m'mipingo yosiyanasiyana amene munalambula ndi zikwanje, ndi inu amene munabwereka mawilibala osafunsa kuti abwerera liti.

Koma amene ndikufuna kuwathokoza mwapadera ndi gulu la amayi ndi abambo okonda mbiri yakale, chifukwa anatiletsa kupupuluma. Ndiulule: tsiku loyamba ndinakwecha chiliza cha mwala wa mabo (marble) ndi bulashi yawaya, n'kuthirapo jiki. Chinayera mbee, ine n'kumanyadira. Mayi wina wachikulire anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, mwafufuta dzina la munthu." Zinalidi choncho. Waya unapala zilembo, ndipo anandifotokozera kuti jiki amasiya mchere m'timabowo ta mwala, mcherewo n'kumaufumbutsa pang'onopang'ono. Asidi ndiye woopsa kwambiri, amadya mabo. Kuyambira pamenepo tinkagwiritsa ntchito madzi okha ndi bulashi yofewa, kuyambira pansi kukwera m'mwamba, ndipo ndere yokakamira tinkaisiya. Miyala yosweka sanalole kuti tiimate ndi simenti, poti simenti ndi yolimba kuposa mwala wakale ndipo imatsekera chinyezi mkati. Anatiphunzitsa kusakaniza laimu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndinaziona ndekha pomwe anatenga kalilole n'kuunikira dzuwa cham'mbali pachiliza chomwe tinkati chilibe mawu. Zilembo zinatuluka.

Ndi njira imeneyo tinawerenga mzere wa manda olembedwa 1918 ndi 1919, nthawi ya mliri wa chimfine umene unapha anthu mamiliyoni ambiri padziko lonse. Ambiri anali achinyamata. Tsiku limenelo panalibe woseka.

Manda a asilikali sitinawagwire. Zikomo kwa bambo amene anatiuza kuti amenewo amasamalidwa ndi bungwe la Commonwealth War Graves Commission, lomwe linakhazikitsidwa mu 1917, ndipo lili ndi malamulo ake. Bambo yemweyo ankatilimbikitsa ndi nkhani ya manda a Highgate ku London, komwe kunaikidwa Karl Marx. Mandawo anatsegulidwa mu 1839, kenako anasanduka nkhalango, mpaka anthu wamba anapanga gulu lowasamalira mu 1975. Ankaibwereza kawirikawiri moti tinayamba kumumalizitsira, koma inatigwira mtima ndithu.

Zikomonso ophunzira amene munajambula chiliza chilichonse, kulemba mayina m'kaundula ndi kuwaika pa Find a Grave, tsamba la pa intaneti losunga mayina ndi zithunzi za manda. Mwezi wathawu mayi wina wakutali anatilembera kuti wapeza manda a agogo ake, amene banja linawasaka kwa zaka zambiri.

Chiliza chimene ndinawononga chija ndachitenga kukhala changa chosamalira. Dzina la malemuyo tinalipeza m'buku lakale la maliro, ndipo tikukonza kachikwangwani koti tiike pambali pake. Tikumananso Loweruka loyamba la mwezi wamawa. Bulashi yawaya muisiye kunyumba.