Agogo a m'chipinda chakumapeto ankangomva kuzizira

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba pa nyumba ina kuno ku Melbourne, m'dziko la Australia, ndipo kwa miyezi ingapo mtima unkagunda ndikapatsidwa chipinda chakumapeto. Munkagona agogo aakazi a zaka zoposa 80, ochokera ku Greece. M'faelo mwawo munalembedwa kuti amakana kusamba ndipo amakalipa. Silinali bodza. Tikangowavula n'kutsegula madzi, ankakuwa mawu amodzimodzi uku akutikankha manja. Ife tinkangolimba mtima, kumaliza mwachangu, kenako kukalemba kuti lero avutanso.

Tsiku lina mayi wina wokolopa, yemwe makolo ake ndi Agiriki, anaima pakhomo ndi ndowa yake. "Kodi mukumva zimene agogowa akunena? Akuti kriono. Akumva kuzizira." Nkhani yonse inali yomweyo. Tinayamba kutenthetsa bafa tisanawalowetse, kuwafunditsa thaulo pamapewa, ndi kuwasambitsa mbali imodzi kwinaku atafunda. Sabata isanathe, kukuwa kuja kunali zii. Manyazi amene anandigwira sindinawaiwale: munthu wamkulu anakhala akutiuza vuto lake m'mawa uliwonse, ife n'kumamulemba kuti ndi wovuta.

Agogowa anafika kuno ali mtsikana, m'zaka za m'ma 1960. Australia inagwirizana ndi Italy mu 1951 ndiponso ndi Greece mu 1952 zothandiza anthu kusamukira kuno, ndipo ambiri mwa iwo anakathera m'mafakitale. Chingelezi anachitola ali akuluakulu, pantchito ndi m'basi. Tsono matenda a dementia, aja oiwalitsa zinthu omwe agogowa akudwala, ali ndi nkhanza yake: kawirikawiri chilankhulo chophunzira ukulu ndicho chimayamba kuthawa, n'kutsala chija munthu anayamwira. Mwana wawo anandiuza kuti mayi ake ankatha kukangana ndi dokotala m'Chingelezi osapunthwa. Lero chatsala ndi moni wokha. Ndipo si agogowa okha ayi. Kalembera wa 2021 anapeza kuti anthu 27.6 pa 100 aliwonse m'dziko lino anabadwira kunja, ndipo onsewo ukalamba ukuwadikira.

Koma chimene chandilembetsa lero ndi kulakwitsa kwanga kwachiwiri, komwe kunabwera ndi mtima wabwino. Nditachita manyazi paja, ndinawerenga za Agiriki pa intaneti usiku wonse, n'kudziona ngati katswiri. Ndinawaikira nyimbo za tchalitchi cha Orthodox pa foni, ndinapempha kachithunzi kopatulika n'kukaika pafupi ndi bedi. Agogo anangondiyang'ana, n'kutembenukira kukhoma. Lamlungu mwana wawo atabwera anaseka mpaka misozi. "Achemwali, amayiwa anasiyana ndi tchalitchi ine ndisanabadwe. Mukafuna kuwasangalatsa, apatseni ndale."

Ndale! Tinawatsegulira pulogalamu ya Chigiriki pa wailesi ya SBS, yomwe mizu yake ndi mawailesi a 2EA ndi 3EA omwe anayamba mu 1975 kuulutsa m'zilankhulo za anthu obwera. Mukanawaona. Amakhala tsonga, kuloza wailesi ndi chala, kumayankha wowerenga nkhani ngati ali naye m'chipindamo. Sindimva kalikonse, koma ndimadziwa kuti wina wake akudzudzulidwa koopsa.

N'chifukwa chake kabokosi ka pa fomu kolembapo "chikhalidwe" ndimakakayikira. Kamathandiza, sindikana, pakuti popanda iko sitingadziwe n'komwe womasulira woyenera. Koma kamatinamiza kuti tikalemba dzina la dziko ndiye kuti munthuyo tamudziwa. Poyamba ndinawaona agogowa ngati wodwala wovuta, kenako ngati Mgiriki wa m'buku. Kawiri konse sindinawafunse, ngakhale kufunsa mwana wawo.

Akuluakulu nawo nkhaniyi akuidziwa. Royal Commission, komiti yapadera ya boma yofufuza za chisamaliro cha okalamba, inatulutsa lipoti lake lomaliza mu 2021, lokhala ndi malangizo 148, ndipo ena mwa iwo amakhudza anthu osiyana zilankhulo ndi chiyambi. Kuli nyumba ngati za Fronditha Care zomwe zinakhazikitsidwa ndi Agiriki eniake, kumene agogo ngati awa angamvedwe popanda womasulira. Koma mtundu wa anthu ochepa sungamange nyumba yakeyake, ndipo mabanja ambiri amasankha malo apafupi kuti azitha kudzazonda. Womasulira wa pa foni wa TIS National alipo, ndipo amathandiza kwambiri dokotala akabwera. Nanga 6 koloko m'mawa, m'bafa, manja ali ndi sopo, foni ndingaiimbe bwanji?

Chimene chikutithandiza ndi pepala wamba. Mwana wawo anatilembera mawu monga momwe amamvekera, ife n'kumata mkati mwa chitseko cha wodilopu: nero ndi madzi, ponao ndiye kuti ndikumva kupweteka, ohi ndi ayi. Aliyense wobwera pa shifiti amayamba wasuzumira pamenepo. Ine ndikatchula mawuwo, agogo amandikonza katchulidwe mwaukali, ndipo ndimabwereza mpaka agwedeze mutu.

Dzulo ndikuwapesa tsitsi ananena mawu ena omwe pa pepala paja palibe. Anawabwereza katatu, akundigwira dzanja. Ndawalemba kumbuyo kwa kabuku kanga momwe ndinawamvera, ndipo ndikudikira Lamlungu kuti mwana wawo adzandiuze ngati ankandithokoza kapena kundiuza kuti ndikuwakoka tsitsi.